Leaf ikakana READY musalole aliyense kutsegula batire lalikulu

Achimwene, imani kaye, Nissan Leaf yanuyo, galimoto yoyendera magetsi, musathamangire nayo kugalaja. Zomwe mwalembazo, timagetsi tofiira ndi tachikasu kuyaka padashibodi koma READY, chizindikiro choti galimoto yakonzeka kuyenda, osabwera, ndi zomwe zinandionekera ine mu June chaka chatha, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Yanga ndi ya 2015, ya batire la 24 kWh, ndinaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar nthawi ija tinkagona pamizere ya mafuta. M'mawa wina, chifunga chili tolo ndi kamvula kowaza kathu ka Mzuzu kaja, ndadina batani, galimoto duu. Tinaikweza palole movutikira kuchoka ku Katoto kupita kwa makaniko wina ku Luwinga, bambo amene anandikonzera Corolla zaka zambiri osandikhumudwitsa. Analumikiza kamakina kake kofufuzira vuto la galimoto, n'kupukusa mutu, amvekere batire lalikulu lafa, ma cell a m'kati mwake apsa, siyani ndalama titsegule. Ine poti ndinkawakhulupirira ndinapereka.

Patapita masiku anayi ndinapita kukaona. Abale inu! Batire analitsitsa kunsi kwa galimoto, laikidwa pa matayala akutha panja, chivundikiro chachotsedwa, pamwamba angoponyapo kachidutswa ka lona, mvula ikuwazira m'mbali. Mwini galaja kulibe, akuti apita kukagula sipeya m'tauni. Amene ndinamupeza atawerama pabatirepo ndi kamnyamata kophunzira ntchito, patapata kumapazi, pansi ponyowa, manja opanda magolovesi, sipanala wamba m'manja. Ndisanatsegule pakamwa ndinangomva phwaa! Moto wabuluu, sipanala kugwa uko, mwana kukhala pansi atagwira dzanja, milomo ikunjenjemera osatulutsa mawu. Sipanalayo inasungunuka kunsonga. Fungo lija la waya wopsa losakanikirana ndi khungu sindidzaliiwala. Ndinamunyamula ndekha pa kabaza kupita naye kuchipatala, njira yonse ndikudzifunsa kuti mwana wa eni akanafera pa galimoto yanga ndikanakanena chiyani kwa mayi ake. Batire limenelija limasunga mavoti oposa 350. Ngakhale mutazula pulagi ija ya pakati yodulira magetsi, m'kati mwa ma module, timabokosi ta ma cell, moto umakhalabe. N'chifukwa chake mawaya ake anawapatsa mtundu wa olenji, kuti munthu aone n'kuopa.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi yankho la bamboyo atabwera. Akuti zazing'ono izi, anyamata amaphunzira choncho. Zazing'ono? Munthu wamkulu, waimvi, kungonena kuti galimoto iyi sindiidziwa kunamukanika, koma kulandira ndalama sikunamukanike. Kamakina kake kaja n'kowerengera magalimoto a petulo, zomwe kanamuonetsa sanazimvetse, anangolota. Kenako n'kumandiuza kuti ndiitanitse batire lina kunja, ndalama yoti ndikanagulira Vitz.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wina wa ku Chibavi woika ma sola ndi ma inverter. Sanakhudze n'komwe batire lalikulu. Anatsegula boneti, n'kuika mita pa kabatire kakang'ono ka 12V, kakuwerenga 10.8. Vuto lonse linali pamenepo! Kabatire kameneka ndi kamene kamadzutsa makompyuta a galimoto ndi kulumikiza batire lalikulu, kakafooka, makamaka nyengo yozizira, galimoto imayatsa timagetsi tabodza tambirimbiri. Titabwezeretsa zonse analumikiza kadongle ka OBD2, kachipangizo kolumikiza kompyuta ya galimoto ndi foni, n'kutsegula LeafSpy, pulogalamu yowerenga batire la Leaf, pafoni, magulu onse 96 a ma cell ali ndendende mofanana, SOH, kutanthauza thanzi la batire, ili pa 71 peresenti, timizere ta thanzi la batire padashibodi 9 pa 12. Batire linali bwinobwino. Koma chifukwa linatsegulidwa pamvula ndipo labala yotsekera anaiwononga, chinyezi chinalowa. Miyezi iwiri galimoto ili pansi tikuumitsa ndi kumata, ndipo mpaka pano mvula ikachuluka ndimayenda mtima uli m'mwamba.

Ndiye inu yambirani pa 12V. Yezani, kapena bwerekani batire labwino mulumikize muone ngati READY abwere. Musaikoke ndi chingwe matayala akutsogolo ali pansi, ikwezeni palole. Onaninso chingwe chanu chotchajira, zambiri zochokera ku Japan n'za 200V pomwe athu kuno ndi 230V, komanso soketi ikhale ndi earth yeniyeni. Makaniko aliyense amene angatchule zotsegula batire lalikulu muuzeni akuonetseni magolovesi a 1000V ndi zomwe LeafSpy yawerenga, akakanika tengani galimoto yanu muzipita. Opanda mapepala a magetsi amphamvu chonchi musawalole kuyandikira.

Ngakhale ndikutero, mnyamata wa sola ujanso mapepala a galimoto alibe, ndipo ndikanatsatira lamulo langali bwenzi yanga ikuola ku Luwinga. Komanso musawathawe amakaniko athu. Mabuleki, mabushi, mashoko, matayala, zonsezi n'chimodzimodzi ndi galimoto ina iliyonse, ndipo ndi maenje a m'misewu yathu muziwafuna pafupipafupi. Ndinene zoona, mashoko anga mwezi watha anandiikira ndi bambo yemwe uja, chifukwa pa zitsulo dzanja lake ndi labwino ndipo wina womuposa sindinamupeze. Zoti mupite nayo ku Lilongwe, zomwe ena akuuzanizo, ganizirani kawiri, ndi makilomita oposa 350, Leaf yakale singadutse Chikangawa n'kukafika ndi tchaji imodzi, ndiye kuti lole, ndipo mukafika mwina akakugulitsani 12V yomweyo.

Kadongle ndili nako ndipo mita ndinagula yanga. Loweruka m'mawa ndimakhala ku Katoto, ndilembereni ku inbox tidzayeze limodzi musanapereke tambala kwa aliyense.