Kodi HR ndi kosi ya anthu othawa masamu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Mtendere, ku Lusaka, amene wangoyamba kumene yunivesite. Dzina lake ndisunga. Analemba kuti: "Anti, semesita ino tili ndi kosi yoyamba ya human resource management (HR). Anzanga akuti ndi yophweka, ya anthu othawa masamu, ndipo ntchito yake ndi kulemba ndi kuchotsa anthu basi. Mabuku athu ndi a ku Britain ndi ku America, zitsanzo zake sizikundifika pamtima. Ndiziwerenga bwanji kuti ndisamangoloweza? Kapena ndikutaya nthawi?"

Mwana wanga, sukutaya nthawi. Anzakowo anena zoona pa chimodzi chokha: ukaloweza mayina ndi matanthauzo, mayeso udutsa. Koma amene wangoloweza amaonekera tsiku loyamba limene munthu wamkulu, wa msinkhu wa atate ake, akhala patsogolo pake akudikira kumva ngati mawa abwerenso ku ntchito. Kosi imeneyi, yophunzitsa kasamalidwe ka anthu ogwira ntchito, ikukukonzekeretsa tsiku limenelo.

Tiyambe ndi mabuku akunjawo. Usawataye. Mupeza Frederick Taylor, amene mu 1911 analimbikitsa kugawa ntchito m'tizigawo n'kuyeza nthawi ya kachigawo kalikonse ndi wotchi. Mupeza kafukufuku wa Hawthorne pa fakitale ya Western Electric kufupi ndi Chicago, ndi dzina la Elton Mayo, kumene anaona kuti anthu amagwira ntchito molingana ndi mmene akukhalira ndi anzawo komanso mmene akuonedwera. Mupeza Abraham Maslow, wa 1943, ndi makwerero ake a zosowa za munthu. Zonsezi uzidziwe. Chimene ndikupempha n'chakuti ganizo lililonse ukaliwerenga, ulitengere ku Kamwala kapena ku Soweto Market ukaone ngati liima.

Tenga Frederick Herzberg, wa 1959. Iye anati malipiro, malo ogwirira ntchito ndi malamulo a kampani zikakhala zoipa munthu amadandaula, koma zikakonzedwa amangosiya kudandaula, sikuti wayamba kuikonda ntchitoyo. Chomupatsa mtima ndi kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo, kuona kuti akukula. Ganizo labwino ndithu, ndipo ndaliona likugwira ntchito. Koma funsa mtsikana wogulitsa m'shopu ku Kamwala, amene malipiro ake amathera pa lendi ku Kanyama, pa minibasi ndi pa thumba la ufa mwezi usanafike pakati. Kodi kwa iye ndalama ndi chinthu chongoletsa kudandaula? Ine ndimaona kuti munthu akamalandira zochepa kwambiri, K200 yowonjezera imamuuza kuti bwana wamuona, kuposa satifiketi yopachika pakhoma. Ukalemba asayimenti yotsutsana ndi Herzberg mwanjira imeneyi, ndi zifukwa zomveka, ndiye kuti wayamba kuphunzira.

Ndiponso mbiri ya ntchito tili nayo yathu. Mu 1935 anthu a m'migodi ya ku Copperbelt ananyanyala ntchito msonkho utakwezedwa, ndipo ku Luanshya apolisi anawombera n'kupha anthu 6. Mu 1949 kunabadwa bungwe la anthu akuda ogwira ntchito m'migodi, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Mukafika pa mutu wa mabungwe a ogwira ntchito ndi ZCTU, bungwe lalikulu lowasonkhanitsa pamodzi, kumbukira kuti zinthu zimenezi sizinabwere ndi buku.

Tsopano buku limene ndikufuna ulikonde kuposa onse si la m'laibulale. Ndi Employment Code Act ya 2019, lamulo la za ntchito la kuno ku Zambia. Lili pa intaneti, ulisunge mu foni. Mutu uliwonse umene mukuphunzira m'kalasi, ufufuze chimene lamulo lathu likunena. Mukuphunzira za kulemba anthu ntchito? Lamulo likuti probation, nthawi yoyesera munthu watsopano pa ntchito, ndi miyezi 3, ndipo itha kuwonjezeredwa ndi ina 3 yokha. Za tchuthi? Mayi woyembekezera ali ndi masabata 14, bambo wa mwana ali ndi masiku 5. Pali ndi Mother's Day, tsiku limodzi pamwezi limene mkazi aliyense wogwira ntchito angapume osapereka kalata ya kuchipatala kapena kufotokoza chifukwa. Zimenezo sudzazipeza m'buku la ku London, koma ndizo adzakufunsa sabata yoyamba ukalowa mu ofesi.

Ndikuuze zimene zinandichitikira ndili wamng'ono pa ntchito, pa kampani ina ya magalimoto ku industrial area. Dalaivala wina anachedwa masiku atatu otsatana. Bwana analowa mu ofesi yanga nkhope ili gwaa, n'kunena kuti, "Mawa ndisamuonenso pageti." Ine ndi mantha ndinayamba kulemba kalata yomuchotsa. Mayi wina wachikulire amene ankandiphunzitsa ntchito anaima kumbuyo kwanga, anawerenga, kenaka anandifunsa mofatsa, "Mwana wanga, mwiniwakeyo wamumva?" Tinatsegula fayilo yake. Munali kope ya NRC ndi ya laisensi basi, chenjezo ngakhale limodzi munalibe pa zaka zonse zimene anagwira.

Tinamuitana. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili pamaondo, akuchipinda ndi kuchitambasula. Poyamba ankangoti "pepani madam". Titasiya Chizungu n'kuyamba Chinyanja, m'pamene anamasuka. Mkazi wake anali atagonekedwa m'chipatala, iye ankagona komweko, m'mawa n'kuthamangira kunyumba kukakonzekeretsa ana asanabwere ku ntchito. Sanauze aliyense poopa kuti amuona ngati wa zifukwa. Tinamupatsa masiku a tchuthi, ndipo tinamulembera kuti ulendo wina azinena. Bwana sanandiyankhule bwino kwa sabata yathunthu, koma dalaivala uja anagwira zaka zina zambiri.

Lamulo la lero likunena poyera kuti munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata wodziyankhira. Kampani ikalumpha zimenezi nkhani imatha kufika kwa a Labour kapena ku Industrial Relations Division ya High Court, ndipo kumeneko chimene chimayankhula ndi fayilo. Choncho mukafika pa mutu wa disciplinary procedure, usaone ngati ndi mndandanda wongoloweza. Sitepe iliyonse inaikidwa kuti munthu asavulale chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi. Ndipo dziwiratu kuti wa HR amalipidwa ndi bwana koma maso a antchito amakhala pa iye. Ukayesa kukondedwa ndi onse udzanama kwa wina. Ine chimene chinandithandiza ndi kuuza mbali zonse ziwiri chinthu chimodzimodzi.

Za kuthawa masamu, ha, kumeneko anzako alakwitsa kwambiri. Tiyerekeze munthu amalandira K5,000 pamwezi popanda ma allowance. NAPSA, ya penshoni, imatenga 5 peresenti kwa iye, K250, ndipo bwana amaikapo K250 ina. NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, ndi 1 peresenti mbali iliyonse, K50 ndi K50. Ngati ali pa kontrakiti ya zaka 2, pomaliza ayenera kulandira gratuity, ndalama yotsekera kontrakiti, yosachepera 25 peresenti ya basic pay yonse imene walandira, kutanthauza K30,000. Onjezerapo PAYE, msonkho wa pa malipiro wopita ku ZRA, umene magawo ake amatha kusintha bajeti ikawerengedwa, masiku a tchuthi, ndi ovataimu. Ukalakwitsa ndi K100 yokha, munthu afika pakhomo pako payslip ili m'manja, ndipo sachoka mpaka umuonetse pamene yapita. Phunzira Excel panopa, usadikire chaka chomaliza.

Za ntchito sindikunamiza, opikisana nawo ndi ambiri. Kampani ya anthu 100 itha kukhala ndi wa HR mmodzi kapena awiri. Kuno ku Zambia wogwira ntchito imeneyi amayenera kulembetsa ku Zambia Institute of Human Resource Management, choncho yamba kufunsa za umembala ukadali pasukulu. Attachment, yoti ukaphunzire ntchito pa kampani ukadali pasukulu, uifune msanga, ngakhale pa sukulu yaing'ono kapena pa kampani ya alonda, ngakhale akupatse kusanja mafayilo. M'mafayilomo ndimo udzaona makontrakiti enieni, makalata a chenjezo, ndi zimene zimasowa. Chinyanja chakocho usachite nacho manyazi, ndipo ngati ungatoleko Chibemba ndi Chitonga, tola. Anthu amafotokoza mavuto awo enieni m'chinenero cha kunyumba.

Sabata ino chita ichi. Pempha amayi, amalume kapena achimwene amene ali pa ntchito akubwereke payslip ndi kontrakiti yawo. Khala nazo pansi, lamulo la 2019 lili pambali, uwerengere wekha mzere uliwonse. Uwafunsenso ngati anapitapo kukaona kuti ndalama za NAPSA zimene amadulidwa zikufikadi. Zimene upeze undilembere, tidzaziona limodzi.