Amuna anga akuti ndisiye mafilimu, apo ayi banja litha

Makalata a sabata ino ambiri ndi a zibwenzi za mseri ndi a apongozi olowerera za m'nyumba. Ndawawerenga onse ndipo ena ndidzawayankha. Koma iyi yochokera ku Mangochi ndaibwereza katatu, chifukwa muli mawu ena omwe mwini wake wangowadutsa ngati opanda kanthu, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo.

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili ndi ana awiri ndipo ndimakhala pa boma pa Mangochi. Zisudzo ndinaziyamba ndili ku sekondale, kenako ndinalowa gulu lina lomwe tinkayenda nalo m'midzi ya kwa Chimwala ndi kwa Nankumba kuchita masewero a za umoyo. Zaka zinayi zapitazo mkulu wina wojambula mafilimu anandiona nanditenga. Pano ndatuluka m'mafilimu 6 omwe ali pa YouTube, komanso m'sewero lina lomwe linaonetsedwa pa kanema.

Vuto ndi lakuti nthawi zambiri amandipatsa mbali ya mkazi wolanda amuna a eni. Amuna anga ali ku Joni, chino ndi chaka chachitatu. Munthu wina anadula kachigawo ka filimu pomwe ndikukumbatirana ndi mnyamata wina pamchenga, n'kukaponya pa gulu la WhatsApp la anyamata akwathu okhala kumeneko. Amuna angawo anandiimbira pakati pa usiku, kunditukwana, akuti ndawavula pagulu. Papita miyezi iwiri osatumiza kalikonse pa Mukuru, akuti ndisankhe pakati pa mafilimu ndi banja. Chonsecho ndikumva kuti iwo kumeneko ali ndi mkazi wina ndipo anabereka naye mwana.

Apongozi sakundiyankhula. Kumsika anthu amandiitana dzina la m'filimu, ndipo mwana wanga wamkulu, wa zaka 8, anabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akuti mayi ake ndi hule. Azakhali, ine chibwenzi sindinachitepo. Ndi zongosewera basi, ndipo sikuti timapezapo kanthu, amangotipatsa ya transipoti ndi ya sopo. Chikwama cha zovala ndi mawigi ndimasungitsa kwa aneba, ndipo ndikamapita kokajambula ndimauza apongozi kuti ndikukapikula usipa ku Makawa. Koma mtima wanga uli komweko. Kodi ndisiye?

Ine wothedwa nzeru, Mangochi

Mwana wanga,

Za amuna akowo ndinena mwachidule. Bambo amene amamana ana ake chakudya miyezi iwiri chifukwa anzake amuseka pa foni sindimumvera chisoni. Mwana wa zaka 8 ndi mng'ono wake sanakumbatire munthu pamchenga. Malamulo a dziko lino sali kumbali yawo: lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo liyenera kusamalira mwana wake, ndipo lamulo loteteza nkhanza za m'banja la 2006 limawerenga kumana banja chithandizo mwadala ngati nkhanza. Ngati za mkazi winayo zili zoona, ndiye kuti munthu wokumbatira zenizeni akuimba mlandu wokumbatira pamaso pa kamera. Zawo zathera pomwepa.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi mawu ako aja akuti "amangotipatsa ya transipoti ndi ya sopo." Zaka zinayi, mafilimu 6, sewero la pa kanema, dzina lako kuipa mpaka kusukulu kwa mwana, ndiye malipiro ake ya sopo? Ndipo walemba ngati ukudziikira kumbuyo, ngati kusalipidwako ndi umboni woti ndiwe wosalakwa.

Ndinaonererapo anthu akujambula filimu m'mphepete mwa Shire, chakumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi, mwezi wa Okutobala. Dzuwa la kwanuko ukulidziwa wekha. Mtsikana wina amayenera kugwada pamchenga wotentha n'kulira maliro a mwana. Analira bwino, misozi yeniyeni, koma njinga yamoto inadutsa pamwamba ndipo mawu anasokonekera. Anabwerezanso. Kenako tambala analira. Kenako mwana wina anathamanga kudutsa kumbuyo kwake. Ndinawerenga maulendo asanu ndi anayi, ndipo ulendo uliwonse amayenera kupukuta nkhope, kupakanso ufa, kukumbanso chisoni pomwe anachisiya. Pomaliza mawondo ake anali atachita matuza. Anamupatsa botolo la chakumwa ndi banzi. Wakabaza amene anamubweretsa analipidwa pompo asanatembenuze n'komwe njinga. Mwini kamera anali atalandira kale yake, mafuta a jenereta anagulidwa ndi ndalama. Pa anthu onse aja, amene anagwira ntchito ndi thupi ndi mtima wake ndiye anapita kwawo ndi zikomo.

Iwe umanama kuti ukupita ku Makawa. Tsiku lina upiteko ndithu, ukaime pafupi ndi mayi amene akuyanika usipa pathandala. Umuuze kuti akupatse mbale ziwiri, udzamupatsa ya sopo, ndiponso anthu ambiri amudziwa. Akuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mayi ameneyo mwina sanafike Sitandade 8, koma amadziwa kuti thukuta lake lili ndi mtengo, ndipo n'chifukwa chake apongozi ako amakulola kupita "kokapikula usipa" osafunsa kawiri.

Ndakhala ndikunena zimenezi kwa zaka zambiri ndipo sindidzatopa: chilankhulo chathu chomwechi chinatitchera msampha. Timati sewero, timati kusewera, ndiye m'mutu mwa anthu zisudzo zimakhala pamodzi ndi masanje a ana. Iwenso walemba kuti "ndi zongosewera basi." Ukaloweza masamba a sikiripiti usiku ana atagona, ukadzuka m'bandakucha kuphika kuti ukafike msanga kokajambula, ukachititsa amayi a kumsika kukhulupirira kuti ndiwedi wolanda amuna mpaka kumakuda, kumeneko si kusewera. Chidani chawocho ndi umboni wa luso lako. Wochita zisudzo wosatha palibe amene amamuda, amangomuiwala.

Amayi amene anatsegula njira imene ukuyendamoyi sankaitenga ngati masanje. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, ndipo chaka chomwecho katswiri wa zisudzo Du Chisiza Jnr atamwalira, amene anatsogolera gulu lake la zisudzo la Wakhumbata anali mayi, Gertrude Kamkwatira. Pambuyo pake anayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do, akulemba yekha masewero, kuwatsogolera ndi kuchitamo, mpaka pomwe anatisiya mu 2006. Flora Suya anapikisana nawo pa mphoto ya Africa Movie Academy Awards ndi akatswiri a ku Nigeria ndi maiko ena. Joyce Mhango Chavula mu 2016 anakatenga mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos ndi filimu yomwe anaipanga yekha. Lily Banda anaonekera dziko lonse lapansi pa Netflix mu 2019, m'filimu yojambulidwa ku Kasungu. Onsewa ndi ana a anthu, ali ndi achibale, ndipo anakulira m'dziko lomweli lomwe mkazi akaima pagulu anthu amayamba kunong'onezana. Sindikukulonjeza kuti udzafika pomwe anafikapo. Ndikungofuna udziwe kuti ntchito yomwe ukuibisa kwa aneba ili ndi eni ake olemekezeka.

Ndikudziwa chomwe mkulu wojambulayo adzanene: kuti mafilimu ku Malawi alibe ndalama, kuti akangotuluka anyamata a m'ma burning centre amawakopera anthu pa memori kadi iye osaonapo kanthu. Zimenezo n'zoona, ndipo ambiri amajambula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Koma filimu ikaikidwa pa YouTube, ndalama za malonda otsatsa, ngati tsambalo limazilandira, zimapita kwa mwini tsamba, ndipo zimapitirira kulowa malinga anthu akuonera, chaka chino ndi chamawa. Sewero la pa kanema kawirikawiri limakhala ndi kampani kapena bungwe lolipirira. Kaya ndi zochepa bwanji, pali pomwe zimafikira, ndipo si m'manja mwako. Umphawi suletsa munthu kulemba pepala. Ngati lero palibe, pepalalo linene kuti zikadzabwera gawo lako ndi lotani. Akakuuza kuti pirira, ukutchuka, kumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Mwina ukudabwa kuti zandalamazi zikukhudzana bwanji ndi banja lako. Tsiku lomwe ankhoswe adzakhale pansi, funso loyamba lidzakhala lakuti, "Kodi zimenezi zimabweretsa chiyani pakhomo?" Ukadzayankha kuti sopo, mlandu wakugwera usanayambe n'kufotokoza komwe. Amuna ako atha kukuopseza ndi kutseka Mukuru chifukwa akudziwa kuti ulibe pena pogwira. Ndipo mkazi wopanda pepala sakana kanthu kokajambula. Akamuuza kuti kumbatira, amakumbatira. Akamuuza kuti ukhalanso wolanda amuna kachisanu, amavomera, poopa kuti atenga wina. Atsikana ena amafunsidwa zoposa pamenepo kamera itazimitsidwa, ndipo amasowa poyambira kukana chifukwa anazolowetsedwa kuti kupatsidwa mbali ndi chifundo cha abwana.

Tsopano ndikudzudzule, chifukwa iwenso uli ndi mbali yako. Bodza la usipa lija ndi lomwe lapatsa mphamvu kachigawo ka pa WhatsApp. Taganiza apongozi ako: mpongozi wawo amatsanzika kuti akupita ku Makawa, kenako akumuona pa foni ali m'manja mwa mwamuna pamchenga. Akhulupirira bwanji kuti chinacho n'chabodza pomwe chomwe unawauza pamaso chinalinso chabodza? Munthu amabisa chinthu chomwe akuchita nacho manyazi. Wawaphunzitsa wekha kuti ntchito yako ndi yochititsa manyazi, ndiye ukudandaula kuti aphunzira. Ukawapepese chifukwa cha bodzalo, bodza lokhalo, osati chifukwa cha zisudzo.

Ndiye usasiye chifukwa choopsezedwa. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 29, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zofunika pamoyo, ndipo sanapatule mkazi wokwatiwa. Chomwe usiye ndi kugwira ntchito yaulere.

Yamba ndi amalume ako, eni mbumba. Uwafotokozere zonse, ndi bodza lomwe. Iwo aitanitse ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amuna ako akhale pa foni. Nkhani zikhale zitatu ndipo usalole kuti azisakanize: chithandizo cha ana, mkazi wa ku Joni, ndi ntchito yako. Uwaonetse filimu yonse, osati kachigawo kodulidwa kaja, aone kuti nkhaniyo inathera pati. Chithandizo cha ana chikapanda kuyambiranso, pita ku ofesi yosamalira anthu pa boma pomwepo kapena ku Victim Support Unit ya polisi, akakuuze njira yopitira nayo kukhoti.

Kwa mkulu wojambulayo upite ndi pepala lolembapo masiku ogwira ntchito, ndalama za tsiku lililonse, komwe filimu idzaonetsedwe, ndi zomwe sungachite pamaso pa kamera. Malire amenewo uwaike wekha molingana ndi chikumbumtima chako, ndipo ngati banja lipitirire, amuna ako aziwadziwa filimu isanatuluke. Upemphenso mbali zina, ukhaleko namwino, mphunzitsi kapena mayi wamasiye, anthu aone kuti nkhope yako imasenza zambiri. Funsa ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za anthu aluso, za ufulu wa ochita zisudzo pansi pa lamulo loteteza ntchitozi la 2016, ndipo udziwane ndi a Film Association of Malawi. Akakana kusaina, ojambula si iye yekha, ndipo mafilimu 6 aja ndi umboni woti ukhoza kupita nawo kwina.

Mwana wako wa zaka 8 usamusiye ndi mawu a anzake okha. Loweruka lina umutenge kokajambula. Aone kamera, aone mnyamata wonyamula maikolofoni pandodo, amve dayirekitala akukuuza kuti bwereza, aone kuti mwamuna uja akangomaliza mbali yake amakwera njinga kupita kwa mkazi wake. Pobwerera mudzere kwa aneba, mutenge chikwama chija, achinyamule iyeyo mpaka kunyumba.

Azakhali