Za makina oyezera shuga a azakhali

Asuweni, funso lanu ndaliona, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mwafunsa kuti makina oyezera shuga otsika mtengo koma odalirika ndi ati, kuti muwagulire azakhali. Komatu ine ndimakudziwani. Makina alipo kale m'nyumbamo, aja tinasonkherana aja, ndipo inu si munthu wogula chinthu kawiri popanda chimene chakudetsani nkhawa. Ndikuganiza kuti manambala akukusokonezani, komanso timapepala toyezera tija tikutha msanga kuposa mmene munkayembekezera. Ngati ndaphonya mundiuze, ngakhale kuti kuvomera kumakuvutani kuyambira muli mwana.

Ndiyambe ndi amalume anu, bambo anga aang'ono. Mukukumbukira kuti iwo anali ndi makina awiri, ena ogula okha, ena opatsidwa ndi apongozi aja. Tsiku loyamba kugwiritsa ntchito opatsidwawo, anaona nambala ya 140, pamene iwo anazolowera kuona 7 kapena 8. Anaimbira foni pafupifupi banja lonse n'kuyamba kufotokoza amene adzatenge wailesi. Namwino ndiye anawamasulira kuti pali miyezo iwiri yowerengera shuga wa m'magazi, makina ena amawerenga mu mg/dL pomwe ena amawerenga mu mmol/L, ndipo kuti ukagawa 140 ndi 18 umapeza 7.8, kutanthauza kuti panalibe chatsopano m'magazi mwawo.

Mukanaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma ayi. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyeza pa makina onse awiri m'mawa uliwonse, n'kumagawa ndi 18 pa foni. Awa akaonetsa 7.2, awo n'kuonetsa 7.8, iwo ankalemba m'kope nambala yaing'onoyo n'kunena kuti makina enawo ndi abodza. Mawa lake zikasinthana, abodza ankakhala aja anali oona dzulo. Choncho timapepala tinkatha tiwiritiwiri pa chala chimodzi. Kuwonjezera apo, ankatichotsa m'kabotolo kake n'kutiika m'thumba la malaya kuti tisamavute kutenga, ndipo m'kabotolomo ankasungiramo mabatani. Tangoganizani thukuta ndi kutentha kwa tsiku lonse. Kope lawo linali laukhondo, la manambala okongola, mpaka pamene kuchipatala anawayeza HbA1c, muyezo umene umaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo umenewo sunagwirizane ndi kopelo ngakhale pang'ono.

Tsopano, dikirani kaye, ndibwerere kwa inu. Palibe makina apanyumba amene amapereka nambala yofanana ndendende ndi ya kulabotale. Muyezo wa padziko lonse woona kulondola kwa makinawa, ISO 15197 wa chaka cha 2013, umafuna kuti pa zotsatira 100 zilizonse, 95 zisasiyane ndi za kulabotale koposa 15 peresenti ngati shuga ali pa 5.55 mmol/L kapena kupitirira apo. Ndiye kuti ngati shuga weniweni ali pa 10, makina abwinobwino akhoza kuonetsa 8.5 kapena 11.5 popanda kulakwa. Makina a amalume anu onse awiri ankanena zoona. Chimene chimasokoneza kwambiri manambala ndi timapepala toonongeka ndi chinyezi kapena kutentha, timapepala todutsa tsiku lake, ndiponso chala chosasamba. Munthu akagwira chipatso n'kubaya chala asanasambe ndi sopo n'kupukuta bwino, makina amawerenga shuga wa pakhungu, nambala n'kukwera. Kuchepa magazi nakonso kungachititse kuti makina ena aonetse nambala yokwera kuposa yeniyeni.

Za mtengo ndinena mwachidule. Makina amagulidwa kamodzi, ndipo kawirikawiri amagulitsidwa motchipa chifukwa opanga amadziwa kuti ndalama adzaipeza pa timapepala, timene kalikonse kamagwira ntchito kamodzi kokha. Timapepala ta Accu-Chek sitingagwire pa makina a OneTouch, ndipo ngakhale makina a kampani imodzi nthawi zina amafuna timapepala tosiyana. Kotero makina otsika mtengo amene timapepala take sitipezeka amangokhala chokongoletsera kabati.

Pa mankhwala a shuga, azakhali amamwa metformin yekha, si choncho? Ayi, pepani, munanena kuti anawawonjezera glibenclamide. Pamenepo ndiye pali kusiyana. Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira muyezo kawirikawiri, koma glibenclamide ndi insulin zimatha kutero, makamaka mwa munthu wachikulire amene wadumpha chakudya. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mwina kusokonezeka maganizo, ndipo zikatero, ngati akutha kumeza, muwapatse chinthu cha shuga msanga, osayamba kukangana ndi makina. N'chifukwa chake timapepala tina tiyenera kukhalapo nthawi zonse, toyembekezera tsiku lotere.

Ndiye chimene ndikufuna kunena ndi ichi, asuweni: musagule makina ena. Ndalama imene mwakonzayo mugulire timapepala tatsopano ta makina omwe alipowo, ndipo mukafunse adokotala kuti azakhali aziyezedwa kangati komanso nthawi ziti. Kuyeza asanadye kenako patatha maola awiri atadya, pa masiku osankhidwa, kumauza adokotala zambiri kuposa kubaya chala nthawi iliyonse imene mtima wanu wagunda. Inde, ndikunena inu, chifukwa ndikudziwa kuti mumawayeza ngakhale akangoyasamula.

Ngati mukukayikirabe makinawo, muwatenge tsiku lopita kuchipatala, muyeze nthawi yomwe akutengedwa magazi a kulabotale, kenako muyerekeze zotsatirazo. Zikadzasiyana kwambiri, pamenepo tidzakambirana zogula ena, ndipo tidzayamba tafufuza mtengo wa timapepala ndi kapezekedwe kake tisanayang'ane makinawo. Koma pakali pano, ndibwerezenso, makina ndi omwewo, timapepala tatsopano, totsekeredwa m'kabotolo kake, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Mulembe pa kabotolopo tsiku limene mwakatsegula, chifukwa mitundu ina imatha mphamvu pakapita miyezi ingapo chitsegulireni ngakhale tsiku losindikizidwa lisanakwane, ndipo pepala la m'bokosi limafotokoza kuti ndi miyezi ingati.

Ndikudziwa kuti mukamaliza kumvetsera mundifunsabe dzina la makina abwino. Yankho langa silisintha: sungani amene muli nawo, ndalama ipite ku timapepala, ndipo m'kope muzilembamo nambala iliyonse mmene yatulukira, yokongola ndi yonyansa yomwe. Munditumizire chithunzi cha kabotolo kamene mukugwiritsa ntchito panopa, mbali imene pali tsiku lothera ntchito, ndione ngati timapepalato sitinadutse kale.