Ku Rome ndi amayi, gonani kufupi ndi Vatican

Achemwali, mwati muli ndi masiku atatu ku Rome, mukupita ndi amayi anu omwe akufunitsitsa kukaona Papa, ndiye mukufunsa ngati mulipire hotela yodula ya pakati pa mzinda kapena mutenge yotchipa ya kunja n'kumakwera sitima. Ine ndikuti lipirani ya pakati. Mukanakhala nokha ndikanati gonani kulikonse. Koma munthu wamkulu amafuna kuti dzuwa likaswa mtengo abwerere kuchipinda, awongole msana kwa ola limodzi, madzulo n'kutulukanso. Mukagona kutali zimenezo sizitheka, mudzangowakhazika pa benchi akuwodzera.

Kungoti si hotela iliyonse yodzitama kuti ili pakati imene ingakuthandizeni. Zambiri zotchipirapo zili mozungulira siteshoni ya Termini. Pa mayendedwe palibe chovuta: sitima ya Leonardo Express yochokera ku bwalo la ndege la Fiumicino imafika pamenepo pa mphindi 32, ndipo njanji za metro (sitima zoyenda pansi pa nthaka) A ndi B zimakumana pomwepo. Koma kuchoka ku Termini kukafika ku Vatican wapansi ndi pafupifupi ola lathunthu, ndipo basi nambala 64 imene imayenda njira imeneyo ndi yotchuka ndi anthu opisa m'matumba. Usikunso mbali zina za siteshoniyo sizisangalatsa kuyendamo ndi kholo.

Mzinda wakale weniweni, komwe kuli Pantheon, Piazza Navona ndi Campo de' Fiori, ndi wokongola kwabasi, koma metro siifikako bwino. Ku Rome akangoyamba kukumba pansi amapeza mabwinja a nthawi ya Aroma, ntchito n'kuchedwa zaka. Choncho kumeneko n'kwa miyendo basi, pa timiyala takuda tosalingana totchedwa sampietrini. Sutikesi ya matayala imalira gudugudu pamenepo mpaka manyazi, ndipo mvula ikagwa timaterera. Nsapato za gogoda zisiyeni kunyumba.

Kwa inu ndingasankhe dera la Prati, loyandikana ndi Vatican. Misewu yake ndi yotakasuka komanso yafulati, usiku kuli bata, ndipo siteshoni ya metro ya Ottaviano ili pomwepo. Papa amakumana ndi anthu Lachitatu m'mawa. Matikiti ake ndi aulere koma mumapempha nthawi isanakwane, ndipo anthu amalawirira kukaima pamzere wosechedwa. Mukagona ku Prati mumangodzuka, kumwa tiyi, n'kuyenda mphindi zochepa, pamene anzanu ogona kunja akulimbana ndi sitima mbandakucha. Lamlungu 12 koloko masana Papa amatsogolera pemphero la Angelo ali pa windo, pamenepo sipafunika tikiti. Muyang'ane kaye ndandanda yake musanagule matikiti a ndege, chifukwa nthawi zina amakhala ali pa ulendo, ndipo mu July misonkhano ya Lachitatu nthawi zambiri imaima. Kuchoka ku Prati, mukawoloka mtsinje wa Tiber pa mlatho wa Sant'Angelo mwalowa kale mu mzinda wakale, ndiye Piazza Navona mumafika osakwera chilichonse. Ku dera la Trastevere kokha musagone, ngakhale zithunzi zake zikope bwanji. Achinyamata amamwa panja mpaka usiku kwambiri, amayi sadzagona.

Musanalipire, alembereni a hotela muwafunse za chikepe. Mahotela ang'onoang'ono ambiri a pakati pa Rome ndi zipinda chabe pa nsanjika yachitatu kapena yachinayi m'nyumba yakalekale. Kwina chikepe kulibe, kwina chilipo koma cholowa anthu awiri opanda katundu, ndipo mumayamba mwakwera masitepe angapo kuti muchifike. Funsaninso ngati pa risepishoni pamakhala munthu usiku, makamaka ngati ndege yanu ikutera mochedwa. Pemphani chipinda choyang'ana kuseri osati kumsewu, ndipo ngati mukupita pakati pa June ndi August, onetsetsani kuti muli makina oziziritsa.

Mtengo umene muuone pa intaneti nthawi zambiri sukhala ndi msonkho wa alendo. Mzinda wa Rome umalipiritsa munthu aliyense usiku uliwonse, kutengera nyenyezi za hotelayo, ndipo mumaupereka pa hotela pomwepo, ena amafuna kashi. Adzakufunsaninso mapasipoti pofika. Musadabwe, ndi lamulo la dziko la Italy.

Ngati amayi akuyendera pasipoti ya Malawi afunika viza ya Schengen (yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy), ngakhale atakhala ndi viza ya ku UK, ndipo popempha amafuna umboni wa komwe akagone. Sungitsani chipinda chimene mungathe kuchibweza osataya ndalama, kuti viza ikachedwa musalire. Adaputa musaiwale, pulagi yathu ya mano atatu ija siilowa m'masoketi a ku Italy.