Foni imakwana, koma zithunzi zanga zinatuluka m'dzina la wina

Achemwali, mwafunsa ngati mungayambe utolankhani mulibe laputopu. Musadikire za laputopuzo, yambani ndi foni muli nayoyo. Koma mumve kaye zanga, chifukwa mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Munali mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Ndinali nditangomaliza sukulu ya utolankhani ku Blantyre, ndili pakhomo ku Chitakale ku Mulanje, ndikumatumiza tinkhani kwaulere kuti mwina dzina lidziwike. Pa 13 boma litalengeza kuti kummwera kwagwa tsoka, ndinagwira kabaza kulowera ku Limbuli. Malo ena ndinkatsika n'kuyenda pansi, matope ofika m'mawondo, miyala ndi mitengo yochokera m'phiri ili mbwee mumsewu. Kudera la kwa Njema ndinapeza mayi wina akufukula matope ndi manja pomwe panali nyumba yake, akufunafuna mwana. Ndinaima nthawi yaitali osatulutsa foni. Ndi iwo eni amene anati, jambulani mwanawe, a boma aone. Ndinajambula manja akunjenjemera, mawu awonso ndinatepa.

Magetsi anali atazima kalekale, batire itatsala 11 peresenti. Netiweki nayo, inu mukudziwa kufupi ndi Muloza, foni imangothamangira ya ku Mozambique. Ndinakwera kachitunda kena mvula ikundimenya mpaka ndinapeza timizere tiwiri. Nambala ya mkonzi ndinalibe. Ndinaimbira mkulu wina wa ntchito yomweyi, munthu amene ndinkamutcha achimwene, amene ndinkamunyamulira chikwama pamisonkhano. Akuti, tumiza kwa ine msanga, iweyo kuofesi sakudziwa, ndikakufikitsira. Ndinatumiza zithunzi 14 pa WhatsApp, foni n'kuzima.

Pobwerera ndinaterereka powoloka kamtsinje kodzaza, foni inali m'thumba la jini. Wokonza mafoni pa Chitakale anaitsegula, anaiyanika, anangopukusa mutu. Zonse zinathera momwemo, chifukwa zosunga zithunzi pa Google ndinali nditazimitsa kuopa kuti zizindidyera bando.

Patapita masiku awiri mnzanga anandionetsa pa Facebook: mayi uja, manja ali matope, pansi pa chithunzi dzina la mkulu uja. Munthu amene sanatuluke n'komwe m'tauni tsiku limenelo! Nditamufunsa, akuti ndiwe mwana, dzina lako lidzatuluka m'tsogolo, ukadathokoza kuti ntchito yako yaoneka. Kenako ananditumizira K5,000 pa foni ya mchemwali wanga, ati ya kabaza. Ndinafika mpaka kwa mkonzi, iwo akuti umboni uli kuti? Ndinalibe. WhatsApp ukatumiza chithunzi mwachizolowezi imachichepetsa n'kufufuta zonse zosonyeza tsiku ndi foni imene inajambula. Akuluakulu ngati amenewa ndi amene amatiuza pamaphunziro kuti achinyamata ndinu aulesi, mumangokopera za pa intaneti, pomwe iwo akudyera thukuta la ana. Chimene chimandipweteka kwambiri si dzina ayi. Mayi aja ndinawalonjeza kuti ndibwera ndi chithunzi chawo, ndipo mawu amene anandiuza anapita ndi madzi, palibe anawamva.

Ndiye inu chitani izi. Yatsani zosunga zithunzi pa Google Photos kapena Drive, bandoyo idye, ndi bwino. Potumiza pa WhatsApp muzisankha Document, chithunzi chimapita chathunthu. Muziyamba mwadzitumizira nokha pa imelo, pamakhala tsiku ndi nthawi. Gulani pawa banki musanaganize za laputopu, foni muziikulunga m'jumbo, mukhale ndi malaini awiri, TNM ndi Airtel, chifukwa kuseri kwa phiri ina ikakana ina imalola. Kope ndi bolopeni musasiye, sizifuna tchaji.

Komanso musaume manja ndi nkhani. Ikachedwa tsiku limodzi yafa, ndipo popanda akuluakuluwa simulowa mu nyuzirumu, ndiye muziwatumizirabe, muziwapatsa ulemu. Kungoti nambala ya mkonzi muipezeretu lero. Ngati muli konkuno ku Mulanje ndilembereni ku inibokosi, Loweruka ndimakhala pa boma, ndidzakuonetseni mmene ndimadulira mawu otepa pafoni.