Mimba ikulendewera nditabereka ana atatu: kodi madokotala amachita chiyani kwenikweni?

Mayi wina wa zaka 38, yemwe wapempha kuti ndisatchule dzina lake, wandilembera pa imelo motere: "Ndili ndi ana atatu, womaliza ndinachira kudzera pa opareshoni. Ndathamanga, ndachepetsa kudya, koma mimba ikungolendewera, mabere nawo anagwa. Pa Instagram ndimangomva za liposuction, tummy tuck ndi BBL. Kodi kuchipatalako amawatani anthuwa? Nanga ine ingandiyenere ndi iti?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo. Malinga ndi momwe mwafotokozera, liposuction payokha sindikuona kuti ingakuthandizeni. Mimba imatuluka pa zifukwa zitatu zosiyana: mafuta, khungu lomwe linatamuka, ndi minofu yomwe inatalikirana mwana akukula m'mimbamo. Opareshoni iliyonse imakonza chake, ndipo ambiri amene amabwerako akudandaula amakhala kuti anapempha ya mafuta pomwe vuto lawo linali khungu.

Yesani izi. Gonani chagada, pindani mawondo, dzutsani mutu pang'ono, kenako dinikizani zala pamwamba pa mchombo. Zala ziwiri kapena zitatu zikamira m'kampata kofewa pakatipo, n'kutheka kuti minofu inatalikirana. Khungu mukalitsina n'kumachedwa kubwerera, latha mphamvu, ndipo kuthamanga sikungalibweze.

Liposuction ndi kupopa mafuta basi. Dokotala amaboola timabowo ting'onoting'ono, n'kuthira pansi pa khungu madzi a mchere osakaniza ndi lidocaine wochititsa dzanzi ndi adrenaline wochepetsa kutaya magazi. Njira yothira madziyi anaifalitsa ndi Jeffrey Klein wa ku America mu 1987. Kenako amalowetsa kachitsulo kobowoka m'kati, n'kumakakankha uku ndi uku makina akukoka mafutawo. Mukadzuka mumakhala mutatupa, mikwingwirima ili paliponse, timabowo tikuchucha madzi ofiirira, ndipo mumavala chovala chothina kwa milungu ingapo. Imawakhala bwino anthu amene khungu lawo likadali lolimba, oti ali ndi mafuta okanirira pamalo amodzi, monga m'mbali mwa chiuno kapena m'ntchafu. Mukapopa mafuta pansi pa khungu lotamuka, zimakhala ngati mwachotsa thonje mu pilo: nsaluyo imangokhwinyata. Timabowoto tisakupusitseni kuti ndi nkhani yaing'ono. Stella Obasanjo, mkazi wa yemwe anali pulezidenti wa Nigeria, anamwalira mu 2005 ku Spain atachitidwa opareshoni yotereyi, ndipo khoti linadzapeza dokotalayo wolakwa chifukwa chosasamala.

Imene ikugwirizana ndi vuto lanu ndi tummy tuck, ndipo ndi yaikulu ndithu. Amakugonetsani tulo. Dokotala amacheka m'munsi mwa mimba kuyambira fupa la chiuno la mbali ino mpaka la mbali inayo, amakweza khungu lonse mpaka kunthiti, n'kusoka minofu ija kuti ikumanenso pakati. Akatero amakokera khungu pansi, n'kudula lotsalalo. Mchombo umatsala pamalo pake, koma amauboolera khomo latsopano pakhungu lomwe latsikalo. Nthawi zambiri chipsera chakale cha opareshoni ya mwana chimachokera limodzi ndi khungu lodulidwalo, koma m'malo mwake mumalandira china chachitali kuposa icho, ndipo n'chamuyaya. Masiku oyamba mumayenda chowerama, nthawi zina timapaipi totulutsa madzi tili lende m'mbali. Kwa milungu pafupifupi 6 simunyamula cholemera, mwana wanu yemwe. Ngati mukuganizabe zodzaberekanso, dikirani, chifukwa pathupi pena padzatambasulanso zonse zomwe zasokedwazo.

Za mabere, anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Bere lakugwa amalikweza: amadula khungu lotsala, kusunthira nsonga m'mwamba, chipsera n'kutsala kuzungulira nsonga ndi kutsika pansi pake. Bere lophwa amalidzaza ndi kathumba ka silicone kapena ka madzi a mchere, kolowetsedwa kudzera pansi pa bere, m'mphepete mwa nsonga kapena kukhwapa. Kuika kathumba m'bere lakugwa kwambiri osalikweza kumangolemeretsa chinthu chogwa kale. Timatumba ta silicone tinayamba kuikidwa mu 1962 ku Houston, madokotala ake Thomas Cronin ndi Frank Gerow, ndipo mpaka lero si ta moyo wonse. Timatha kuphulika, kapena thupi limakuta kathumbako ndi chipsera cholimba, bere n'kuuma gwa, kumapweteka. Amene waika ali ndi zaka 38 adziwiretu kuti mwina adzagonanso patebulopo. Mufunsenso dzina la kampani yopanga. Mu 2010 zinadziwika kuti kampani ya ku France ya PIP inkaika silicone wa m'mafakitale m'timatumba take, ndipo mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika timatumba take tokhakhala kunja chifukwa cha khansa ina yosowa yotchedwa BIA-ALCL.

Opareshoni yochepetsa mabere ine ndimaiona mosiyana. Mayi amene msana ndi khosi zimamuwawa tsiku ndi tsiku, zingwe za bra zitamukumba mizere m'mapewa, pansi pa mabere pakusupuka ndi thukuta, ameneyo akufuna chithandizo, osati kudzikongoletsa chabe. Angodziwa kuti kuyamwitsa kungadzavute, ndipo nsonga zimatha kuchita dzanzi.

BBL yokha, opareshoni yokulitsa matako, ndiye ndikuti ayi. Amapopa mafuta pamimba ndi kumsana, kuwasefa, n'kuwabaya m'matako. Vuto lake n'lakuti m'minofu ya matako mumadutsa mitsempha ikuluikulu. Mafuta akalowa mumtsempha amathamangira kumtima ndi kumapapo, munthu n'kumwalira, nthawi zina akadali patebulo pomwepo. Kafukufuku wa mu 2017 anayerekeza kuti munthu mmodzi mwa 3,000 alionse ankamwalira, ndipo n'chifukwa chake mabungwe a madokotala anayamba kulangiza kuti mafutawo azibayidwa pansi pa khungu pokha, osafika m'minofu. Zinthu zasinthako, koma inu simungaone pomwe kachitsuloko kafika muli mtulo. Mukapulumuka, milungu iwiri kapena kuposerapo mumagona chafufumimba, osakhalira matako, ndipo gawo lina la mafutawo thupi limadzawamwa.

Zakumaso simunafunse, ndingodutsamo. Mphuno amasema fupa ndi chichereŵechereŵe, kutupa kwake kumatha kufika chaka. Zikope amadula khungu lolendewera, chipsera chimabisala mumzere wa chikopemo. Pochotsa makwinya amakoka khungu ndi minofu, n'kusokera kuzungulira makutu.

Pali chinthu chomwe zithunzi za pa Instagram sizionetsa, chifukwa ojambulawo amavala kabudula wofika pamchombo: chipsera. Ife akhungu lakuda timatuluka kawirikawiri zipsera zotupa, zoyabwa, zomakula kupitirira bala lenilenilo. Inu muli ndi umboni kale pathupi panu. Chipsera cha opareshoni ya mwana wanu chikakhala kuti chinapola chosalala, ndi chizindikiro chabwino. Chikakhala chotukumuka ngati chingwe, kachionetseni kwa dokotala musanakambe china chilichonse.

Ena adzakuuzani kuti muchitiretu zonse tsiku limodzi, mimba, mabere ndi kupopa mafuta, ati mommy makeover. Zimachitika, koma maola akachuluka patebulo, chiopsezo chakuti magazi aundane m'miyendo n'kupita kumapapo chimakweranso. Ulendo wautali wa pandege mabala ali aŵisi umawonjezera chiopsezo chomwecho, choncho amene akukachitira kutali asafulumire kubwerera. Fodya amaletsa milungu yosachepera 4 opareshoni isanachitike, chifukwa amachepetsa magazi ofika pakhungu, bala n'kumakanika kupola. Shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuchepa kwa magazi ziyezedwe kaye. Ngati mwangosiya kuyamwitsa, dikirani miyezi ingapo mabere akhazikike.

Pokaonana ndi dokotala, mufunseni ngati anaphunzira ukatswiri wa opareshoni zimenezi ndipo analembetsedwa kubungwe loona za madokotala, amene adzakugonetseni tulo ndi ndani, komanso ngati pamalopo pali chipinda cha odwala mwakayakaya. Apempheni zithunzi za anthu akhungu ngati lanu, zojambulidwa patatha chaka, chipsera chikuoneka. Mufunsenso kuti bala likatseguka usiku pakatha masiku 10, mudzaimbira ndani, ndipo wolipira kukonzako adzakhala ndani.