Andichotsa usteward nditayamba kampeni: ndikadandaule kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito mu warehouse ina ku Indiana, ku America. Dzina lawo, la kampani ndi la yuniyoni (bungwe la ogwira ntchito) ndazisunga. Ndafupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Ndakhala shop steward (woimirira anzanga a m'yuniyoni pamalo a ntchito) zaka 4. Chaka chino kuli chisankho cha atsogoleri a yuniyoni ya m'dera lathu, ndipo ine ndili mbali ya gulu lofuna kuchotsa pulezidenti amene alipoyu. Ndinayamba kugawa timapepala ta kampeni pa nthawi ya nkhomaliro. Sipanathe masabata awiri, pulezidenti anandiimbira foni kuti usteward wanga watha. Kenako ovataimu ya Loweruka inangouma, kapitawo wandilembera chenjezo chifukwa chochedwa mphindi 4, ndipo dzulo ndalandira kalata yoti ndikayankhe mlandu wonyozetsa yuniyoni. Amuna anga akuti ndingosiya, ndife alendo kuno. Kodi zimenezi n'zololedwa? Ndikadandaule kuti?"

Achemwali, pepani ndi zokuonekeranizi. Ine si loya, ndipo musanasaine kanthu kalikonse mukaonane ndi loya wa za ntchito. Koma zimene ndikudziwa ndikuuzani.

Inuyo mukuona dzanja limodzi likukukhaulitsani, ndipo mwina n'zoona. Vuto n'lakuti lamulo la ku America siliona choncho. Limafunsa kuti wakulandani ndani, ndipo wakulandani chiyani: ufulu wanu ngati membala, udindo wa m'yuniyoni, kapena ndalama za pantchito. Chilichonse chili ndi khomo lake ndi wotchi yake. Anthu ambiri amaluza osati chifukwa chosowa mfundo, koma chifukwa anagogoda khomo lolakwika nthawi n'kuwathera.

Ndiyambe ndi kalata ya dzuloyo, chifukwa apo m'pamene mwaima polimba. Mu 1959 dziko lino linakhazikitsa lamulo lotchedwa LMRDA, ena amati Landrum-Griffin, komiti ya Senator John McClellan itatha zaka ikuvundukula zakatangale ndi ziopsezo m'mayuniyoni, makamaka Teamsters, yuniyoni ya oyendetsa malole ndi ena, imene inkatsogoleredwa ndi Dave Beck kenako Jimmy Hoffa. Chigawo choyamba cha lamuloli chimapatsa membala aliyense ufulu wolankhula, wosonkhana ndi anzake, ndi wonena maganizo ake pa anthu opikisana pa chisankho. Yuniyoni singakulipitseni chindapusa, kukuimitsani kapena kukuchotsani chifukwa chogwiritsa ntchito ufulu umenewu. Ndipo ikafuna kukuzengani mlandu wina uliwonse, kupatula wosalipira zopereka za pamwezi, iyenera kukupatsani milanduyo yolembedwa mwatsatanetsatane, nthawi yokwanira yokonzekera, ndi bwalo lachilungamo. Ndiye werengani kalatayo kachiwiri. Ikutchula tsiku, malo ndi mawu amene munanena? Kapena ikungoti "kunyozetsa" basi? Yankhani polemba, muwapemphe atchule chenicheni chomwe munachita, ndipo musunge kope. Ku bwaloko mupite, musanyanyale. Khothi la federal, kutanthauza la boma lalikulu la America, likhoza kufuna kuti muyambe mwayesa njira za m'kati mwa yuniyoni, koma lamulo limati zimenezo zisapitirire miyezi 4.

Kwa bambo a kunyumba, auzeni kuti lamuloli limanena za membala, silinena za nzika. Mantha awo ndikuwamvetsa. Tinakula m'nyumba zimene makolo ankatsitsa mawu akafuna kutchula akuluakulu, ndipo chizolowezi chimenecho chimakwera nafe ndege.

Tsopano usteward. Apa ndiye pali funso limene simunayankhe mu imelo yanu, ndipo nkhani yonse yagona pomwepo: udindowu anakusankhani ndi anzanu pa voti, kapena anangokuikani ndi pulezidenti?

Ku Toledo, Ohio, mu 1977 kunali chisankho mu Teamsters Local 20. Harold Leu anagonjetsa Omar Brown, ndipo atalowa mu ofesi anachotsa ma business agent, antchito a yuniyoni oimirira mamembala kwa mabwana, amene Brown anawaika komanso amene anamuchitira kampeni poyera. Iwo anapita ku khothi, nkhani inafika ku Supreme Court, ndipo mu 1982, pa mlandu wa Finnegan v. Leu, analuza. Oweruza anati mtsogoleri wosankhidwa ali ndi ufulu wosankha anthu ogwirizana ndi mfundo zake, ndipo anthu aja anataya ntchito ya m'yuniyoni koma umembala wawo unali chikhalire: akanatha kuvota, kulankhula ku msonkhano ndi kuchita kampeni. Patapita zaka 7, mu 1989, khothi lomwelo linagamula mlandu wa Edward Lynn wa yuniyoni ya Sheet Metal Workers mosiyana. Lynn anachotsedwa atatsutsa ku msonkhano zokweza zopereka za mamembala, koma iyeyo anali wosankhidwa pa voti. Khothi linati kumuchotsa kunali kulanda mamembala munthu amene anadzisankhira, komanso kuopseza ena onse kuti atseke pakamwa.

Kunena zoona, chigamulo cha Finnegan chimandiwawa ndikaganizira steward wamba, amene m'mawa amanyamula mabokosi ngati wina aliyense, madzulo n'kumathamangira dandaulo la mnzake. Ameneyu si mlangizi wa pulezidenti. Oweruza enieniwo anasiya funso la anthu osapanga mfundo za yuniyoni losayankhidwa, ndipo maloya amalowera pamenepo, makamaka akaonetsa kuti kuchotsako ndi mbali ya dongosolo lofuna kuzimitsa otsutsa onse. Koma ngati munaikidwa, khomo limeneli n'lopapatiza, ndisakunamizeni. Tengani malamulo a yuniyoni yanu, constitution ndi bylaws, muone ndime yonena za ma steward. Nthawi zina malamulo a m'nyumba momwemo amateteza kuposa lamulo la boma.

Ovataimu ndi chenjezo la kapitawo zili ku khomo lina, la National Labor Relations Board, bungwe la boma loona za mikangano ya mabwana, mayuniyoni ndi ogwira ntchito. Bwana saloledwa kukulangani chifukwa cha zochita zanu za yuniyoni, ndipo kampeni ya m'kati mwa yuniyoni ili m'gulu lomwelo. Yuniyoninso siloledwa kunong'oneza bwana kuti akufinyeni. Dandaulo mumakapereka nokha, n'laulere, koma lisadutse miyezi 6 kuchokera tsiku lomwe chinthucho chinachitika. Wotchi ya ovataimu inayamba kale kuyenda pa Loweruka loyamba lija.

Kumeneko sakafunsa kuti mumamva bwanji mumtima. Kuyambira pa chigamulo cha Wright Line cha 1980, amafuna kuona zinthu izi: munkachita zomwe lamulo limateteza, abwana ankadziwa, ndipo pali chosonyeza kuti zinawaipira. Zikatero mpira umapita kwa abwana kuti aonetse kuti akanakulanganibe ngakhale popanda kampeni. Ndiye mphindi 4 zija sizikuthandizani kapena kukuphani pazokha. Chofunika n'chakuti ndani winanso anachedwa mphindi 4 mwezi womwewo osalembedwa. Ovataimu imagawidwa potengera zaka zomwe munthu wagwira? Ndani anaitanidwa Loweruka amene anabwera pambuyo panu?

Ine ndinaphunzira zimenezi kwa mdala wina wa ku Haiti amene tinkagwira naye ntchito usiku. Anali ndi kabuku kakang'ono ka chikuto chofiira, kopindika ndi thukuta, kamene ankasunga m'thumba la jekete. Kapitawo akangomuyankhula mawu okhota, iye ankapita ku bafa, n'kulemba tsiku, nthawi, mawu ake enieni ndi mayina a omwe anamva. Tinkamuseka kuti akulemba Baibulo lachiwiri. Tsiku lomwe anamuimitsa ntchito, kabukuko kanali ndi masamba a miyezi yambiri, ndipo ife oseka tinalibe ngakhale deti imodzi m'mutu. Yambani kanu lero. Mauthenga a pafoni ajambuleni, musunge kunyumba, osati mu foni kapena kompyuta ya kampani.

Pali khomo lachinayi, la chisankho chenichenicho. Chigawo chachinayi cha LMRDA chimati mayuniyoni a m'madera azisankha atsogoleri mwachinsinsi pasanadutse zaka 3, likulu pasanadutse zaka 5, ndipo membala ali ndi ufulu wothandiza amene akumufuna popanda kubwezeredwa mwa mtundu uliwonse. Koma njira yake ndi yokhota. Mumadikira chisankho chithe, mumadandaula kaye m'kati mwa yuniyoni, ndipo akakupatsani yankho lomaliza, kapena pakatha miyezi 3 ali chete, muli ndi mwezi umodzi wokha wopita ku OLMS, ofesi ya unduna wa za ntchito yoyang'anira lamuloli. Undunawo ndi umene umasuma, osati inu, ndipo khothi limafafaniza chisankho ngati cholakwikacho chikanatha kusintha zotsatira. Khomo limeneli silikubwezerani ovataimu. Limabwezera mamembala chisankho.

Zoti lili ndi mano, a migodi ya malasha amadziwa, ngakhale anaziona mochedwa. Mu 1969 Joseph Yablonski anapikisana ndi Tony Boyle pa upulezidenti wa United Mine Workers, naluza, nanena kuti abera. Pa 31 December chaka chomwecho anaphedwa m'nyumba mwake ku Clarksville, Pennsylvania, pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana wake wamkazi. Khothi linafafaniza chisankhocho mu 1972, Arnold Miller anapambana chobwereza, ndipo Boyle anapezeka wolakwa pa mlandu wakupha mu 1974. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Koma wina akakuopsezani kuti akumenyani chifukwa cha kampeni, umenewo ndi mlandu wa federal pansi pa lamulo lomweli, ndipo simudikira chisankho kuti mukanene.

Chenjerani ndi wotchi za m'nyumba. Ku Teamsters, boma litawasumira mu 1988 n'kugwirizana nawo mu 1989, mamembala anayamba kusankha okha atsogoleri a kulikulu mu 1991, ndipo pamakhala woyang'anira chisankho woima payekha amene amamva madandaulo a kubwezera kampeni ili m'kati. Koma dandaulo lotere limayenera kufika m'masiku 2 a ntchito kuchokera pomwe mwadziwira. Masiku awiri! Yuniyoni yanu ikhoza kukhala ndi malire ake afupi chomwecho, ndiye fufuzani usiku uno. Dziwaninso kuti LMRDA sikhudza mayuniyoni a ogwira ntchito m'boma la state kapena la mzinda okhaokha, koma inu a mu warehouse muli m'kati.

Za timapepala, pitirizani kugawa ngati mtima ukufuna, koma pa nthawi yanu yopuma ndi malo opumira, monga m'chipinda chodyera kapena poimika magalimoto. Musasindikize pa makina a kampani kapena a yuniyoni, ngakhale tsamba limodzi. Ndalama ndi zipangizo za awiriwa n'zoletsedwa pa kampeni ya wina aliyense. Ron Carey anapambana upulezidenti wa Teamsters mu 1996, koma chisankhocho chinafafanizidwa mu 1997 chifukwa ndalama za yuniyoni zinalowa mu kampeni yake. Amene akukusakaniwo akudikira kakang'ono kotere.

Mundilembererenso, achemwali, mundiuze ziwiri: munavoteredwa kapena munaikidwa, ndipo bwalo lija aliika tsiku liti.